Tisheti ya Jade

Osborne anaweruka mochedwa ku nyumba yosamalira okalamba komwe amagwira ntchito. Womulandira shifiti sanabwere, manijala nkumupempha kuti agwirizire, ndipo Osborne ndi munthu uja amene mawu oti ayi amamukanirira pakhosi. Tsoka lake, usiku womwewo anali atalonjeza mwana wake Jade kuti apita naye kukaonera The Gravel Deacons, azungu andevu a ku Alabama omwe magitala awo amalira ngati makina ochekera matabwa. Iye nyimbo zawo sankaziona mutu wake. Koma Jade, mtsikana wobadwira ku Ulaya konko, ku Erdington komwe ankakhala, ankagona nazo nkudzuka nazo, makamaka ija ya "Diesel Hymn", yonena za dalaivala wa lole amene wasokonekera njira ya kwawo. Wamsinkhu wake sankaloledwa kulowa popanda wamkulu. Matikiti anapita pachabe, ndipo Jade anasiya kuyankha foni.

Manyazi atamugwira, Osborne anathamangirabe ku Digbeth, komwe kunali shooyo, kuti mwina akapeze woimba mmodzi amusainire kanthu. Anapeza zitseko zotseka. Anangogula tisheti ya gululo kwa wogulitsa wina panja, nkuphonya basi yomaliza. Foni nayo inathima. Anauyamba wapansi kulowera ku Erdington.

Pofika kunsi kwa milatho yopiringizana ija ya Spaghetti Junction, miyendo inali italema. Pamwamba magalimoto ankadutsa mwa apo ndi apo. Pansi panali zipilala zokhazokha, madzi akuda a mu ngalande, ndi kuzizira kolowa m'mafupa. Njirayo ankaidziwa bwino, koma usiku umenewo chipilala chilichonse chinkafanana ndi chinzake. Anadutsa tolole ya mu shopu itagwa chagada. Atayenda kamtunda, anaipezanso. Tolole yomwe ija!

Kenaka anamva gitala.

Nyimbo ya lole ija... ya kuchipinda kwa Jade. Osati ya pa foni ayi. Woimbayo anali pafupi pomwepo.

Anali atakhala pa kakhoma: mzungu wamtali, wachipewa chachikulu, tsitsi lili chuchuchu ngati wavumbwa, chonsecho mvula inali isanagwe. Gitala yake inalibe nthambo ya magetsi, komabe inkalira ngati ili pa sipika.

"Pepani, ndinu a gulu lija?" anafunsa Osborne m'Chingerezi.

Munthuyo sanadzutse mutu. "Vani yathu waiona? Anzanga anati andidikira." Chingerezi chake chinali chokoka, chaulesi.

"Sindinaione. Komatu shoo yatha kalekale."

"Sinathe. Vesi yomaliza sindinaimbe."

Osborne anabalalika. Waledzera kapena? Koma fungo la mowa panalibe, panali la matope ndi dizilo. Nanga woimba wotchuka angamusiye bwanji anzake kunsi kwa mlatho? Mtima unkamuuza kuti thawa. Koma atakumbukira zokaonana ndi Jade chimanjamanja, anatulutsa tisheti ija ndi maka yolembera pa bolodi kuntchito.

"Chonde, ndi ya mwana wanga. Dzina lake Jade."

Dzanja la munthuyo linakhudza lake... ngati nyama ya mu firiji! Chala chimodzi chinali chodukira pakati. Analemba pang'onopang'ono, nkumubwezera.

"Ukawaona anzanga, uwauze kuti ndikadali pano."

Lole inadutsa pamwamba. Zipilala zinagwedezeka. Osborne anayang'ana kumwamba, ndipo pobweza maso... khoma lokha. Munthu palibe. Gitala palibe. Koma nyimbo inkamvekabe. Tsopano inkachokera m'madzi!

Liwiro lake! Bambo wamkulu, mu yunifolomu, tisheti kumanja, mpaka ku Gravelly Hill, kufupi ndi kwawo, osacheuka.

Kunyumba anapeza nyali ya kuchipinda kwa Jade ikuyakabe. Mkazi wake Zelipa anali ku naiti. Anapuma kaye kuti befu athe, nkugogoda.

"Jade, tsegula mwana wanga. Ndikudziwa ndakudisapointa, koma taona kaye ka surprise aka."

Chitseko chinatseguka pang'ono. Maso a Jade anali otupa ndi kulira. Analandira tisheti, nkuitambasula, ndipo Osborne anaona kakumwetulira kakuyamba. Kenaka mwanayo anawerenga dzina losainidwalo. Kumwetulira kunathera pomwepo.

"Dad, did you write this yourself?"

"Ine? Wasaina mwini wake! Wamtali, wachipewa, chala chimodzi choduka. Ndamupeza pansi pa Spaghetti paja akuimba nyimbo yako ija."

"That's not funny."

"Funny bwanji? Ndamugwira dzanja ine!"

Jade anamuuza m'Chingerezi. Wade Tolliver, mwini dzina losainidwalo, amene anapeka "Diesel Hymn", anamwalira Jade akadali ku pulaimale. Vani ya gululo inachita ngozi pa milatho yomweyo akuchokera koimba. Anzake anapulumuka, koma iye anakamuvuula mu ngalande patapita masiku.

"You missed it, fine. But you didn't have to lie to me."

Anamubwezera tisheti, nkutseka chitseko. Osborne anatukula dzanja kuti agogodenso, amulumbirire kuti sakunama. Dzanjalo linaima m'malere. Alumbire kuti waonana ndi ndani?