Chala cha Linily

Linily ndi mtsikana wa ku Champhira. Ali mu Sitandade 1. Linily ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna nyenyezi.

Osati nyenyezi ya kumwamba ayi. Nyenyezi ya mu tabuleti.

Kusukulu kwawo kunabwera matabuleti. Matabuleti okongola, onyezimira. Pitani ku Mzuzu. Pitani ku Lilongwe. Oposa amenewa simukawapeza.

Mwana aliyense amalandira yake. Amavala zomvera m'makutu. Akayankha bwino, nyenyezi imatuluka pagalasi.

Ben anapeza nyenyezi. Tionge anapeza nyenyezi. Linily sanapeze.

Mu tabuleti muli amayi ophunzitsa. Amayiwo amamwetulira. Amalankhula mofatsa.

"Gwira chilembo a," anatero amayiwo.

Chilembocho chinali pafupi ndi nkhope yawo. Linily anachiona. Linily anachidziwa.

"Ndi icho, amama," anayankha ndi pakamwa.

Koma tabuleti sinamve. Imafuna chala.

"Gwira chilembo a," amayiwo anabwereza.

Linily anabisa chala pansi pa diresi. Nthawi inatha. Nyenyezi sinatuluke.

Aphunzitsi a Linily ndi Madamu Esme. Kwawo ndi ku Dedza. Anthu a ku Champhira ali ndi chilankhulo chawo. Choncho Madamu anaganiza kuti Linily sakumva Chichewa. Anamufunsa mofatsa.

"Ndikumva chomene, Madamu," anatero Linily.

"Nanga bwanji sukugwira?"

Linily anayang'ana pansi. "Kuloza wamkulu ndi chala ndi mwano. Amama anandiuza."

Madamu Esme sanaseke. Anakhala pambali pake. Anamuuza kuti amayi a mu tabuletiwo ndi chithunzi chabe.

Linily anaganiza. Chithunzi cha pakhoma sichilankhula. Amayi awa amalankhula. Amayi awa amamwetulira. Chala chinakhalabe pansi pa diresi.

Loweruka linafika. Amama ake a Linily amagulitsa matimati pamsika. Linily anapita nawo. Anakhala pathumba. Ankaganiza za nyenyezi.

Kunabwera bambo wachikulire. Anasankha matimati. Amama anaika matimati m'jumbo. Anapereka ndi dzanja lamanja. Dzanja lamanzere linagwira mkono.

Linily anayang'ana bwinobwino.

"Amama, mwagwiriranji mkono?"

"Ndi ulemu, mwana wanga. Kwa wamkulu dzanja silipita lokha."

Linily anayang'ana manja ake. Dzanja ili. Dzanja ilo. Anamwetulira.

Lolemba linafika. Linily analandira tabuleti yake. Anavala zomvera m'makutu.

"Gwira chilembo a," anatero amayi aja.

Linily anatulutsa chala. Dzanja lamanzere linagwira mkono. Chala chinapita pang'onopang'ono. Chinafika. Chinagwira.

Nyenyezi inatuluka, ngwee!

"Wakhoza," anatero amayiwo.

"Yewo, amama," Linily anathokoza monong'ona.

Ben anaona. Anaseka. "Iwe Linily, ukupereka moni kwa tabuleti?"

"Msiye, Ben," anatero Madamu Esme. "Wapeza njira yake."

Linily anagwira e. Anagwira i. Anagwira o. Anagwira u. Dzanja lamanzere silinasiye mkono. Nyenyezi zinatuluka. Zinatulukanso.

Poweruka, Linily anathamangira kunyumba. Anapeza amama akusenda mbatatesi pakhonde. Anawauza zonse. Amama anaseka mpaka mpeni unagwa.

"Mbwenu ndionetse chilembo chakocho," anatero.

Linily analemba pansi ndi kamtengo. Analemba a. Analemba e. Analemba o.

"Gwirani chilembo a," anatero ndi mawu ofatsa.

Amama anapukuta manja pachitenje. Anayang'ana zilembo. Anatulutsa chala. Dzanja lamanzere linagwira mkono. Anagwira a.

"Mwakhoza," anatero Linily.

"Nanga nyenyezi yanga ili kuti?"

Linily anatola kamtengo kaja. Anajambula nyenyezi pansi. Inali yaikulu kuposa ya mu tabuleti.

"Yewo, aphunzitsi," anatero amama.