Tsekwe Waluma Mphete ya Tchalitchi

Tibota anali ndi tsekwe mmodzi. Dzina lake anali Chiphokoso. Tibota ankamukonda kwambiri. Koma tsekweyu, kusamva kwake! Ankaluma madengu. Ankaluma nsapato. Ankaluma ngakhale mchira wa galu.

Tsiku lina Chiphokoso analowa m'munda wa tirigu. Mundawo unali wa Bwana wa kulinga, mwini dera lonselo. Chiphokoso anadya tirigu. Anadya mpaka khosi kutupa.

A Hamo anamuona. A Hamo anali kapitawo wa Bwana. Anali ndi mimba yaikulu. Analinso ndi thumba lalikulu.

"Iwe mwana, tsekwe uyu ndi wako?" anafunsa a Hamo.

"Inde, bambo. Pepani," anayankha Tibota.

"Pepani sapoletsa chilonda," anatero a Hamo. "Tsekwe ameneyu ndi ndiwo za Bwana lero!"

Tibota anachita mantha. Ananyamula Chiphokoso. Analiyatsa liwiro.

Anadutsa pachitsime. Anadutsa pakhola la nkhosa. Anadutsanso pakhomo pawo. Amayi ake ankayanika ubweya panja.

"Tibota, ukuthamangira kuti?" anafuula amayi.

"Kutchalitchi, amayi! Kumphete!"

Pachitseko cha tchalitchi panali mphete yachitsulo. Aliyense ankadziwa lamulo lake. Wothawa akagwira mpheteyo, wapulumuka. Kapitawo sangamugwire. Msilikali sangamugwire. Ngakhale Bwana sangamugwire.

Tibota anafika pachitseko. Anagwira mphete ndi dzanja limodzi. A Hamo anafikanso ali wefuwefu. Ataona zimenezi, anaseka chikhakhali.

"Gwira, gwiritsitsa!" anatero a Hamo. "Ine sindikufuna iwe. Ndikufuna tsekweyo. Kodi tsekwe ali ndi manja?"

Tibota anayang'ana Chiphokoso. Zoonadi, manja analibe. Misozi inalengeza m'maso mwake. Kenaka anaganiza nzeru. Anamukweza m'mwamba, pafupi ndi mphete.

"Chiphokoso, luma," ananong'ona Tibota. "Chonde, luma!"

Chiphokoso anayang'ana kumanzere. Anayang'ana kumanja. Woluma chilichonse uja, lero wayamba ulemu!

A Hamo anatsegula thumba. Anayandikira. Anayandikiranso.

"Luma!" anakuwa Tibota.

Chiphokoso anatambasula khosi. Analuma mphete, gwa!

Anthu anabwera mothamanga. Amayi a Tibota anabwera. Abambo ake anabwera ndi khasu m'manja. Ophika buledi anabwera ufa uli mbuu kumaso.

Wansembe anatulukira pakakhomo ka m'mbali. Dzina lawo anali Bambo Osbert. Anali aafupi ndiponso oonda. Mutu wawo unkalekeza pachifuwa cha a Hamo.

"Phokoso lanji pakhomo la Mulungu?" anafunsa Bambo Osbert.

"Abambo, tsekweyu wadya tirigu wa Bwana," anatero a Hamo. "Lamulo la mphete ndi la anthu. Si la mbalame ayi."

Bambo Osbert anayang'ana tsekwe. Anayang'ana Tibota. Tibota sanamutsitse tsekwe wake.

"Anthuni, kodi wagwira mphete?" anafunsa Bambo Osbert.

"Wagwira!" anayankha anthu onse.

"A Hamo, analenga tsekwe ndani?"

"Mulungu," anayankha a Hamo chapansipansi.

"Ndiye wathawira kwa Mwini wake," anatero Bambo Osbert. "Mutengeni ngati mukufuna. Koma m'tchalitchi muno musadzalowenso. Belu silidzakuitananinso."

Wochotsedwa m'tchalitchi sapatsidwa moni. Sadya ndi anzake. Amatsala yekhayekha.

A Hamo anapinda thumba lawo. Anavula chipewa.

"Nanga tirigu wa Bwana?" anafunsa a Hamo.

"Ine ndizipirikitsa mbalame m'mundamo," anatero Tibota. "Ndizipirikitsa mpaka mudzakolole."

"Mwamva," anatero Bambo Osbert. "Kulingako ndipita ndine. Bwana ndikayankhula nawo ndekha. Kuyambira lero, tsekweyu ndi wa tchalitchi. Tibota ndiye mbusa wake. Nthenga zikathothoka, uzibwera nazo. Ndizizisandutsa zolembera, ndizilembera mawu a Mulungu."

Anthu anaomba m'manja. Ana anadumphadumpha. Tibota anasangalala kwabasi. Anaseka misozi ili m'masaya.

"Basi, Chiphokoso, wapulumuka," anatero Tibota. "Siya mphete tsopano."

Chiphokoso sanasiye.

"Siya, iwe!" anatero abambo a Tibota.

Chiphokoso sanasiye.

Amayi anapisa dzanja m'thumba la chovala chawo. Anatulutsa kachidutswa ka buledi. Chiphokoso anasiya mphete msangamsanga.

Tibota anamutsitsa pansi. Amayi anamukumbatira Tibota. Abambo anamunyamula paphewa. Kenaka abambo anawerama pamaso pa tsekwe.

"Tsogolani, akuluakulu a tchalitchi," anatero abambo.

Chiphokoso anatsogola, khosi lili m'mwamba. Ndipo a Hamo anamupatukira panjira.