Tsiku Limene a Twalibu Anatsikira pa Mlambe

Kwathu ku Nkaya, kufupi ndi njanji, nyumba yathu inali ya mtendere. Ababa, a Hassani Sitima, anagwira ntchito zaka makumi awiri pa kampani ina yopuntha thonje ku Balaka, ndipo mawu awo ankakhulupiriridwa kuyambira kwa mlonda wa pageti mpaka kwa bwana wamkulu. Achimwene anga a Twalibu atamaliza sukulu, ababa anawapezera malo komweko. M'mawa awiriwa ankakwera lole ya kampani tsitsi lili bii, madzulo n'kubwera ali mbuu ndi thonje, ngati kuti ku Balaka munthu amakalamba tsiku limodzi n'kudzasandukanso mnyamata akasamba.

M'lolemo munkakweranso Kenneth, mnyamata wa pakamwa potsekemera.

"Shehe wamng'ono," iye ankawaseka achimwene, "udzangokhala pambali pa bambo ako ngati belo la thonje mpaka liti? Titsikire pa mlambe paja tikatsuke kukhosi. Fumbi la thonje silichoka ndi tiyi, aise."

Pa mlambe panali pogulitsira kachasu, pakati pa ulendo. Wofuna kutsika ankangomenya bodi ya lole kawiri, dalaivala n'kuima. Tsiku lina dzanja la achimwene linamenya bodiyo, ababa akuona.

Atafika kunyumba, ababa anawaitanira kuseri.

"Twalibu, lole ija imatitenga pakhomo n'kutibweza pakhomo. Ukatsikira panjira wachoka m'manja mwa kampani. Ndipo zomwe ukumwa kumeneko ukudziwa wekha kuti ndi haramu."

"Ndamva, ababa. Sindidzabwerezanso."

Anabwereza mawa lake. Swala, mapemphero athu achisilamu, anaisiya, ndipo ife alongo awo tinayamba kuwadziwa ndi fungo asanalowe m'nyumba.

Loweruka lina masana ataweruka, anatsikiranso pa mlambe. Atakhuta kachasu anabwereka njinga yamoto ya kabaza kuti aonetse anzawo luso. Podumpha njanji tayala linaterereka. Mwendo wakumanja unathyoka pawiri.

Kenneth anafika kuchipatala ndi nthochi zitatu komanso nzeru imodzi.

"Wovulala m'lole ya kampani amalandira chipukuta misozi. Unene kuti unagwa potsika ku Nkaya. Mboni uli nayo kale, bambo ako. Iwowo akangoti eya, palibe angafunsenso."

Achimwene anatumiza bodzalo ku ofesi tsiku lomwelo. Kenako anagwira dzanja la ababa.

"Ababa, liwu limodzi lokha. Adokotala ati mwendowu sudzathanso kuima pa makina. Ndidzadya chiyani ine?"

"Bambo a Twalibu," amama anatero akulira, "ndi mwana wanu uyu!"

Ababa anasisita mwendo wokutidwa ndi pulasitalawo ngati akutonthoza khanda.

"Mwendo wanga ukanakhala wochotseka, ndikanakupatsa lero lomwe," iwo anatero. "Koma ndinakuona ukutsika pa mlambe, mwanangu. Akandifunsa, ndidzanena zimene ndinaona."

Lachitatu kuchipatalako kunabwera kalaliki wa kampani, a Monica, atanyamula fomu ndi chidindo.

"A Sitima, pepani ndi ngoziyi. Apa palembedwa kuti mnyamatayu anagwa m'lole potsika ku Nkaya. Inu munali momwemo. Mungovomera, ine ndidinde, zitheretu."

Ndinali pamenepo nditanyamula fulasiki ya phala. Ndinaona misozi ya ababa ikutsika kulowa m'ndevu zawo. Sanayang'ane pansi. Anatsegula pakamwa.

"Iyayi, musawafunse!" achimwene anakuwa mpaka odwala ena anadzuka. "Ndinanama ine. Ndinatsikira panjira, ndinamwa, ndinagwa pa njinga ya eni. Musawachititse bambo anga kunena zimenezi pamaso panga."

A Monica anabweza chidindo m'chikwama pang'onopang'ono.

"Achimwene, mukanavulalira m'lole, fomu iyi ikanakusamalirani. Koma pa mlambe sipantchito, komanso sikwanu."

Chipukuta misozi sichinabwere, ndipo ntchito ya achimwene inatha. Kenneth sanaonekenso, akuti anapeza mnyamata wina wokhala naye m'lole.

Masiku ano achimwene amasoka nsapato pa msika wa ku Nkaya, ndodo ili pambali. Anayambiranso swala, ngakhale amaswali atakhala pampando chifukwa bondo silipindika. M'mawa uliwonse ababa amadzuka msanga, kuwakweza pa njinga yakapalasa, kuwakankha mpaka kumsika, kenako n'kuthamanga kuti lole isawasiye. Sindinawamvepo akunena kuti, "Ndinakuuza."

Inu anzanga amene mwayamba ntchito kapena muli pasukulu, mukanyamuka ulendo wobwerera kwanu, kafikeni kwanu. Mowa udzakutsitsani panjira, bodza lidzafuna kukokeramo ngakhale makolo anu, ndipo anzanu okunyengererani sadzakhalapo pokankha njinga. Achimwene anga anatsika ndi miyendo iwiri yabwinobwino, ali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi zokha.