Mazira Anayi M'munda wa Mphesa

Dzina langa ndine Rosaura. Pano ndinakula. Koma chaka chimenecho ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinkafunitsitsa kuona anapiye a mbalame.

Tinkakhala m'munda wa mphesa, kufupi ndi mzinda wa Mendoza. Bambo anga, a Eulogio, ankayendetsa thirakitala.

Kuzizira kunali kutatha. Mipesa inaphuka timasamba. Madzi a kumapiri anadzaza ngalande. Njuchi zinabwera. Achule anabwera.

Tsiku lina ndinapeza mazira anayi. Anali pansi, pakati pa mizere ya mphesa. Anali amawangamawanga.

"Tero! Tero! Tero!" inakuwa mbalame. Inali mbalame ya miyendo yaitali yotchedwa tero. Mazirawo anali ake.

M'mawa mwake thirakitala inabwera kudzalima udzu. Inalima mzere woyamba. Inalima mzere wachiwiri. Mazira anali mu mzere wachitatu!

Ndinathamanga. Ndinakweza manja.

"Ababa, imani! Imani!"

Bambo anaima. Anatsika.

"Iwe mwana, ukufuna ndikugunde?"

"Ababa, taonani. Mazira."

Bambo anagwada. Anayang'ana. Anakanda mutu.

"Akapitawo anati ndilime mizere yonse lero," anatero.

"Ndiye tiwasunthe?"

"Ayi. Mayi wawo angawathawe."

Posakhalitsa akapitawo anafika pa hatchi. Dzina lawo linali a Nicanor. Anali ndi mawu aakulu. Tonse tinkawaopa.

"Eulogio! Thirakitala yagona tulo?"

Ndinayankha ndine.

"Ndawaimitsa ndine, bwana. Pali mazira."

"Mazira? Pano timalima mphesa, osati mazira!"

A Nicanor anatsika pa hatchi. Anayandikira.

"Tero! Tero! Tero!"

Mbalame inauluka. Inadutsa pamutu pawo, vuuu! A Nicanor anazinda. Chipewa chinagwera m'ngalande, phava! Dazi linaoneka.

Bambo anagwira pakamwa. Ine ndinalephera. Ndinaseka.

A Nicanor anandiyang'ana. Anayang'ana mbalame ija. Kenaka nawonso anaseka.

"Pano pali kapitawo wina," anatero. "Ndi waukali kuposa ine. Eulogio, mzere uwu usiye."

Masiku anadutsa. Mu mzere uja udzu unakula. Munamera maluwa achikasu. Tsiku lililonse ndinkasuzumira ndili patali.

M'mawa wina ndinapeza makoko okhaokha. Mazira panalibe. Anapiye panalibe. Ndinakhala pansi. Ndinalira.

Amayi anabwera ndi buledi wotentha. Bambo anazimitsa thirakitala. Onse anakhala pambali panga.

"Pukuta misozi," anatero amayi. "Ukuiona tero ija? Tawerenga miyendo yake."

Ndinawerenga. Iwiri. Inayi. Isanu ndi umodzi. Isanu ndi itatu. Khumi!

"Amayi, ili ndi miyendo khumi!"

Tero inatambasula mapiko. Pansi pake panatuluka anapiye anayi. Anathamanga, balala, kulowa m'maluwa.

Tinakhala pomwepo nthawi yaitali. Buledi uja tinamudya atazizira.