Tionge Akana Kuvula Golovesi

Tionge ankakhala ndi amayi ake ku Braunstone, mumzinda wa Leicester, kutsidya kwa nyanja. Ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna dzanja lokongola la paukwati.

Mnzake Jubeda anali mwana wachimwenye. Mchemwali wake wa Jubeda ankakwatiwa Loweruka. Lachisanu masana, atsikana anasonkhana kwa Jubeda kukakongoletsa manja.

Atsikanawo anali ndi masitika oitanitsa pa foni. Mata apa, mata apo, duwa latuluka. Mphindi ziwiri basi.

Pakona panali agogo ake a Jubeda. Onse ankawatcha Nani Sugra. Nani anakulira ku Limbe, ndipo Chichewa chawo chinkathamanga ngati minibasi. Anali ndi kambale ka mendi. Mendi ndi phala la masamba osinja, lojambulira m'manja. Koma palibe amene anapita kwa Nani.

"Nani, zanuzo zimachedwa," anatero Jubeda.

"Iwenso unachedwa kuyenda," anatero Nani. "Koma sitinakubweze kusitolo."

Tionge anaseka. Anatambasula dzanja.

"Ndijambuleni ine, Nani."

Nani anatenga kamtengo. Anajambula mutu. Anajambula phiko. Anajambula mchira ndi timadontho tambirimbiri.

"Amayi anga ku India ankajambula mbalame ya pikoko," anatero Nani. "Ine wa ku Limbe ndimajambula nkhanga. Uisamale. Mawa ndidzafuna kuiona."

Pobwerera kunyumba, Tionge anakwera basi ndi amayi ake. Dzanja linali m'mwamba, ngati mwana wodziwa yankho m'kalasi. Mendi inauma. Basi inadumpha pa hampu.

Mutu wa nkhanga unagwa.

Tionge anayesa kuubwezera. Phiko linagwa. Mchira nawo unagwa. Padzanja panangotsala kachikasu, ngati madzi a lalanje.

"Ndapha nkhanga ya Nani," anaganiza Tionge. Anapisa m'thumba la jekete. Anavala golovesi msangamsanga.

"Golovesi imodzi, mwezi wotentha uno wa Juni?" anafunsa amayi ake.

"Dzanja ili lokha likumva kuzizira, Amayi."

Anadya ndi golovesi. Anagona ndi golovesi. Posamba, dzanja la golovesi linadikira kunja kwa bafa ngati mlendo.

Loweruka kunagwa mvula. Pajatu mvula ya ku Leicester siidikira kuitanidwa ku ukwati. Atsikana anathamanga kulowa muholo atanyowa. Masitika anayamba kumatuka. Duwa la Jubeda linkalendewera pachala.

Nani anamuona Tionge. Anamukodola.

"Nkhanga yanga ili kuti?"

Tionge anayang'ana pansi. Misozi inalengeza.

"Inagwa m'basi, Nani. Mutu unagwa. Phiko linagwa. Mchira unagwa. Pepani."

"Ndiye mwina basi ija yaifikitsa mpaka ku Wigston," anatero Nani. "Bweretsa dzanjalo."

Nani anakoka golovesi. Chala chimodzi. Chala china. Chala chinanso. Tionge anatsinzina.

"Tsegula maso, iwe."

Tionge anatsegula diso limodzi. Kenako anatsegula linalo.

Nkhanga inalipo. Mutu unalipo. Phiko linalipo. Mchira unalipo, ndi timadontho tonse. Inali yofiira kwambiri, ngati njerwa yootcha.

"Zinagwa zija ndi makoko chabe," anatero Nani. "Phala limagwa, mtundu umatsala. Ndipo mendi imakonda kutentha. Iwe waifungatira ngati dzira, ndiye yaswa."

Tionge anapuma mpweya wautali. Anaseka, misozi ili m'masaya.

"Ndiye kunali kuzizira kumeneku?" anatero amayi ake, akumupukuta nkhope.

Jubeda anamatula duwa lake lonyowa. Anabwera pang'onopang'ono.

"Nani, mendi ija yatsalako?"

"Zangatu zimachedwa."

"Ndidikira, Nani."

Nani anatsegula chikwama. Kambale kaja kanali momwemo, kokutidwa bwino. Pajatu Nani ndi wochenjera.

"Khala apa," anauza Jubeda. "Ndipo iwe Tionge, m'bwereke mnzako golovesi. Nayenso akafungatire."