Magazi a Mwana wa Telala

Kafunsefunse, monga anzake a Fomu 3 ankamutchulira, anangoti kakasi kuyang'ana kakhadi kamene namwino anamupatsa. Tsikulo achipatala anabwera pasukulu kudzayeza magulu a magazi a ophunzira, ndipo pakhadi lake analembapo O.

Dzulo lake lomwe aphunzitsi a sayansi anali atanenetsa kuti kholo la gulu AB silingabereke mwana wa gulu O. Bambo ake, atelala, anali a AB. Khadi lawo ankalidziwa bwino, linkakhala m'kabati ya makina osokera pamodzi ndi mabatani.

Kunyumba anapeza bambowo akupinda siketi yake ya yunifolomu, mapini ali kukamwa.

"Tabwera uyese, mwanawe," anatero.

"Ine si mwana wanu! Magazi akukana!" Anatulutsa khadi la bambo ake m'kabati muja n'kuponya makhadi awiriwo pamakina.

Mapini anagwa. Amayi ake, amene ankasita, anangogwira pakamwa mpaka nsalu inayamba kununkha kupsa.

Masiku anayi makina sanalire m'nyumbamo, ndipo bambo ndi mayi ankadutsana osayang'anana. Tsiku lachisanu bambo anavala jekete. "Tonse atatu, kuchipatala."

Dokotala anawatenga magazi n'kuwatumiza kukayezedwa mozama. Patatha milungu iwiri anawaitana.

"Magulu a magazi ndi timashuga tokhala pamwamba pa maselo ofiira," anafotokoza. "Pali jini, chibadwa chotengera kwa makolo, imene imapanga enzaimu yomata shuga woyamba, ndipo shuga wa A kapena B amakhala pamwamba pa ameneyo. Mwa mwanayu jiniyo sigwira ntchito, anatengera yakufa kwa nonse awiri. Jini ya B yochokera kwa bambo akewa ali nayo, koma shuga wake alibe pokhala. N'chifukwa chake poyeza wamba akuoneka ngati O."

"Ndiye kuti ndi wanga?" anafunsa bambo.

"Wanu weniweni. Koma mverani izi. Magazi otere ndi osowa kwambiri. Akadzamuika a O wamba, akhoza kufa."



Atatuluka, Kafunsefunse anagwira mkono wa jekete la bambo ake. "Ababa, pepani."

"Ine ayi," anayankha motsitsa mawu. "Amene unawanamizira si awo?"

Amayi anali kale patsogolo, akuyenda mofulumira, osacheuka. Kafunsefunse anayamba kuwathamangira.