Mawu a m'Kiyibodi ya Cipriano

Mabatire ndiwo anayamba kumudabwitsa Cipriano. Ankaika atsopano madzulo, koma kukacha kiyibodi yake yoimbira nyimbo inkalira mofooka ngati yagwira ntchito usiku wonse.

Anaigula ku Harare mu 1994, atagwira ntchito zaka zambiri m'mabalani a fodya pa purazi ina, famu ya kufupi ndi Mvurwi. Kuimba sankadziwa. Tsiku loyamba anangodina batani limodzi, ng'oma ndi magitala n'kuyamba zokha, ndipo komboni yonse inadzaza pakhomo pake. Atagunda ndi chala chimodzi, gulu losaonekalo linamutsatira. Amayi ena anasuzumira pansi pake kufuna kuona oimbawo. Amene sanatembenuke n'komwe anali bambo ake, a Sebastiao, omwe ankakhala nawo awiriwiri. Iwo sanalankhulepo chithawireni nkhondo ku Tete, kumene akazi awo anafera m'tchalitchi chimene chinatenthedwa.

Inali nyengo yowotcha fodya, ndipo Cipriano ankachezera kusonkhezera moto ku balani. M'mawa wina a Rehema, oyandikana nawo nyumba, anamuitanira kuseri kwa khitchini. Anamunong'oneza kuti iye akachoka, m'nyumba mwake mumamveka nyimbo yapang'onopang'ono, yopanda ng'oma, ngati ya kumaliro. Posakhalitsa mphekesera zinafala. Ena ankati kiyibodiyo inali ya mzungu wina amene anamwalira, ena ankati makina oimba okha sangalephere kudzuka okha. Cipriano anaikulunga m'bulangete n'kuikankhira pansi pa bedi. Pobwera kuchokera ku balani m'mawa anaipeza yokulungidwa bwinobwino, koma mabatire atatheratu.

Usiku wotsatira anapempha mnzake kuti amuyang'anire moto, iye n'kutsika ku komboni. Kunalibe mwezi. Utsi wa m'mabalani unali utagona pansi, agalu onse ali zii. Atafika pa mpopi anaimva nyimboyo. Inali ya pa Misa, imene anaimva komaliza ali mwana. Pamwamba pake pankayenda mawu a mkazi, opyapyala, okoka mpweya pakati pa mizere.

Anakankha chitseko pang'onopang'ono. Mumdimamo munkaoneka kanyali kofiira ka kiyibodi kokha, kakuwalitsa manja awiri okalamba amene ankayenda pa makiyi mosaphonya. A Sebastiao anali atatsinzina, milomo ili yotseka. Apa Cipriano anakumbukira kuti kale bambo akewa ndiwo ankaimba limba ku mishoni.

“Ababa,” ananong'ona.

“Khala pansi, mwanawe,” anatero mkuluyo ndi mawu okhakhala, oyamba m'zaka zonsezo. “Amayi ako sanamalize.”

Cipriano anagwada pomwepo. Mkaziyo anaimba ndime ina, kenako ina, mpaka kanyali kanazilala, nyimbo n'kuzima. M'nyumbamo munali anthu awiri basi.

Kutacha Cipriano anaika mabatire ena n'kuyamba kuyesa mabatani onse, limodzi ndi limodzi. Anapeza zitoliro, malipenga, ngakhale kwaya yongoti aaa, yopanda mpweya, yosatchula liwu lililonse. Mawu aja sanawapeze. Bambo ake anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anasendera pafupi n'kumugwira dzanja lamanja, n'kuyala zala zake pa makiyi.

“Yamba apa,” anatero. “Ine ndikadzapita, padzafunika wowaimbira amayi akowa.”